Zithunzi za Amalonda m'Nyumba za m'Komboni

Munthu wolowa m'nyumba ya ku Matero kapena ya ku Kalingalinga m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 sanali kulephera kuona zithunzi pa khoma. Zina zinali za pa kalendala imene mwini sitolo anali kupatsa ogula ace caka cikamatha, zina zinali zodulidwa m'nyuzipepa ndi kumatidwa ndi phala la ufa, ndipo zina zinali mapepala osendedwa mosamala pa zitini. Pakati pa zithunzi za mafumu a ku Ulaya ndi za anyamata a nkhonya panali kupezekanso zithunzi za ziwiya za m'khichini: Primus wonyezimira, ketulo yotulutsa nthunzi, sitovu yacitsulo, nsimbi, ndi mai wina womwetulira ataima pambali pace. Eni nyumba ambiri analibe zinthu zimenezo. Anali ndi cithunzi cokha. Cifukwa cace nkoyenera kuweruza zithunzizi monga momwe anthu aweruzira buku kapena nyimbo, pakuti zinakhala m'maso mwa ana ndi akulu zaka zambiri, ndipo zinaphunzitsa anthu za nyumba yabwino ndi za mkazi wabwino popanda wina wozifunsa ngati zinali kunena zoona.

Mwambo wotsatsa malonda ndi timakadi ta zithunzi unakula ku America ndi ku Ulaya pakati pa 1870 ndi 1900. Nthawi imeneyo osindikiza, monga Louis Prang wa ku Boston, anali atadziwa kusindikiza mitundu yambiri pa pepala limodzi, mtundu uliwonse ndi mwala wacewace wosalala, kotero kuti cithunzi cokongola cinachipa koposa kale. Pa cionetsero cacikulu ca ku Philadelphia mu 1876 amalonda anagawa timakadi totere kwa anthu osawerengeka. Kutsogolo kwa kakadi kunali cithunzi, kumbuyo kunali mau otamanda cinthuco pamodzi ndi dzina la sitolo. Kampani ya Enterprise ya mumzinda womwewo inatsatsa motero makina ace operera nyama, ndiponso nsimbi ya Mrs Potts, imene cogwirira cace ca mtengo cinali cocotseka kuti wosita asapse dzanja ndi kuti athe kusiya nsimbi yozizira ndi kunyamula yotentha. Amai ndi ana anali kusonkhanitsa timakadito ndi kutimata m'mabuku. Pofika 1900 magazini ochipa analanda nchito imeneyi, ndipo timakadi tinayamba kutha.

Kakadi kamodzi ka nthawi imeneyo kayenera kuchulidwa ngakhale si ka m'khichini, cifukwa kanasonyeza njira imene amalonda anadzayendamo mu Africa. Kampani ya Singer, pokonzekera cionetsero ca ku Chicago ca 1893, inasindikiza timakadi toonetsa anthu a maiko osiyanasiyana ali pambali pa makina osokera, yense m'zobvala za kwao. Pakati pa timeneto panali ka Azulu. Wopenya kakadiko aona msanga kuti mwini nkhani ndiye makinawo, ndipo anthu aikidwapo kuti aonetse kutalika kwa ulendo umene makinawo ayenda. Amene kakadiko kanali kuwanyengerera sanali Azulu iai, anali amai a ku America, kuti anyadire cinthu ca kwao cimene cafika ngakhale kwa anthu amene iwo anawayesa osatukuka. Timakadi tina tambiri ta sopo ndi ta mankhwala opukutira sitovu tinajambula munthu wakuda monyoza, milomo ataikulitsa dala, ali wanchito wopusa wodabwa ndi cipangizo ca mbuye wace. Osonkhanitsa timakaditi masiku ano amatama kuwala kwa mitundu yace, ndipo kuwalako kulipodi. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamene njanji inafika pa mudzi wa Lusaka mu 1905, timakadi timeneti tinali titayamba kale kuiwalika kwao. Ku dziko lino kunafika ana ace ndi adzukulu ace: kalendala, pepala la pa citini, kapepala ka malangizo kopezeka m'bokosi la cinthu cogulidwa, cikwangwani cacitsulo cokhomedwa pa khoma la sitolo, ndi cithunzi ca m'nyuzipepa. Likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935, ndipo caka cotsatira Boma linayamba kusindikiza Mutende, nyuzipepa ya Aafrika yolembedwa m'Cingerezi, Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi. Pambuyo pace kunabwera African Eagle, Nshila, ndi African Mail ya mu 1960, ndiponso magazini ocokera kumwera monga Drum ya ku Johannesburg ndi Parade ya ku Salisbury. Nyuzipepa za Azungu nazo zinali kufika m'komboni, zitakulungidwa pa katundu kapena m'thumba la wanchito wa m'nyumba. Motero pa khoma limodzi panakumana mitundu iwiri ya zithunzi: zojambulidwira dona wa ku Kabulonga, ndi zojambulidwira mkazi wa kalaliki wa ku Chilenje. Zambiri mwa izo zinajambulidwa kutali, ku London, ku Johannesburg kapena ku Salisbury, ndi amisiri amene mwina sanalowemo m'komboni ciyambire.

Luso la amisiriwo silikanika. Anadziwa kuti pepala la nyuzipepa ndi lacabe ndipo inki imafalikira, cotero anajambula ndi mizere yocepa ndi yolimba, cinthu cogulitsaco nacikulitsa pakati kuti cidziwike ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga. M'dziko la zilankhulo zambiri cithunzi cinalankhula kwa Mcewa, Mbemba ndi Mlenje mofanana. Mai wotuma mwana ku sitolo sanafunike kuchula dzina lacilendo. Anangonena kuti macisi a mkango, mwanayo napita kukaloza bokosi. Umboni wa mphamvu ya nchito yao uli m'cilankhulo ca mu Lusaka kufikira lero, pakuti mankhwala aliwonse otsukira mano achedwa Colgate, sopo aliyense waufa achedwa Surf, mankhwala opaka pansi achedwa Cobra, ndipo sitovu iliyonse ya palafini yopopa inachedwa Primus ngakhale inapangidwa ndi kampani ina. Wolemba mabuku amene mau ace analowa conco m'kamwa mwa anthu akadayesedwa wopambana.

Tsono bvuto la zithunzizi lioneka bwino poyang'anitsitsa Primus, amene ndiye anali mfumu ya zipangizo zonse za m'khichini la munthu wa malipiro ocepa. Sitovu imeneyi inapangidwa ku Stockholm m'dziko la Sweden mu 1892 ndi Frans Lindqvist, ndipo inachuka pa dziko lonse. Roald Amundsen anainyamula pa ulendo wace wa ku South Pole mu 1911. Kapangidwe kace ndi kanzeru. Pansi pali thanki ya mkuwa yothiramo palafini, pambali pace pali kapampu. Pamwamba pali mutu wa timipope, ndipo pansi pa mutuwo pali kambale. Wophika athira sipiriti m'kambalemo ndi kuyatsa kuti mutu utenthe. Sipiriti ikamatha apopa, mpweya ukankha palafini kukwera m'timipope totenthato, palafiniyo asanduka nthunzi, atuluka pa kabowo kakang'ono ngati nsonga ya singano, asakanizika ndi mpweya, nayaka ndi lawi lobiriwira lopanda utsi, likulira ngati mphepo ya mkuntho. Madzi a tiyi awira m'kanthawi kocepa. Kwa mwamuna wodzuka tambala woyamba kuti apalase njinga kucokera ku Matero kukafika pa nchito m'tauni, ndi kwa mnyamata wosakwatira wa m'cipinda cimodzi, palibe cinthu cina cimene cikadamthandiza koposa.

Zonsezi cithunzi cinanena zoona. Cimene sicinanene ndi cakuti lawi lokongolalo lifuna zinthu zitatu tsiku ndi tsiku: palafini woyera, sipiriti, ndi kasingano kotokosera kabowo. Sipiriti ikasowa, wophika anali kutenthetsa mutu ndi palafini yemweyo, mwaye nutseka kabowo. Akapopa mutu usanatenthe, palafini anali kutuluka wamadzi, lawi lacikasu nilikwera kufikira ku denga, ndipo denga la ku Kanyama nthawi zambiri linali la udzu kapena la makatoni. Koma cacikulu cimene wojambula sanacidziwe ndi nsima. Pa cithunzi, pamwamba pa Primus pamakhala ketulo kapena kasefuliya kakang'ono, zinthu zimene zingokhala phee kudikira moto. Nsima siiphikidwa motero. Phala likawira, mai awonjezera ufa ndi kubvundula ndi mthiko ndi mphamvu ya mkono wonse, dzanja lina litagwira mphika, ndipo mphika wa banja la anthu asanu ndi atatu ndi wolemera. Pa mafuwa mphikawo ukhala pansi, wokhazikika pa miyala itatu, mai nakhala pa kampando kapena kugwada pambali pace. Pa Primus ukhala m'mwamba pa timiyendo titatu toonda, pamwamba pa thanki yodzaza mafuta. Nanga nyemba, zimene zifuna maola atatu pa moto? Wophika nyemba pa Primus akadatha palafini wambiri. Cotero m'nyumba zambiri zimene zinamgula, Primus anakhala wa tiyi wa m'mawa ndi wa alendo, ndipo cakudya ceniceni cinapsa panja pa moto wina.

Mkazi wa pa cithunzi ayeneranso kuyang'anidwa, cifukwa ndiye anali cinthu ceniceni cogulitsidwa. Kaya ndi woyera kaya ndi wakuda, maonekedwe ace ndi amodzi: waimirira, wabvala nsapato ndi diresi lositidwa, wamanga epuloni yoyera, ndipo ali yekha. Kumbuyo kwace kulibe mwana. Pambali pace palibe mlamu, palibe mdzukulu wocokera kumudzi kudzafuna sukulu, palibe mnansi wodzapala moto kapena wodzapempha mcere. Khoma la khichini lace ndi loyera, ndipo pali mashelefu, pali zenera la nsaru, kawirikawiri palinso mpope wa madzi. Wojambula pofuna kugulitsa ketulo anajambula nyumba yathunthu ndi banja la mtundu wina, la mwamuna mmodzi wolandira malipiro, mkazi mmodzi womdikira, ndi ana awiri osadetsa zobvala. M'komboni kuphika inali nchito ya pabwalo, yocitika anthu akuona, amai akuceza uku akusadzula ndiwo, wina akuyang'anira mphika wa mnzace pamene iye wathamangira ku mpope kumene mzere wa zidebe wayamba usiku. Moyo umenewu unali ndi zowawa zace, utsi ndi fumbi ndi mvula yozimitsa moto, koma unalinso ndi cithandizo cimene mkazi wa pa cithunzi alibe. Cithunzico cinaonetsa kukhala wekha monga ulemu, ndipo atsikana ambiri anakula akuyang'ana pa khoma ndi kuyesa kuti amai ao aphika mocititsa manyazi.

Kuti munthu agule sitovu yacitsulo ya Dover, yolemera kotero kuti ifuna amuna angapo kuinyamula, ndi kuboola denga kuti mpope wa utsi utuluke, ayenera kudziwa kuti nyumbayo ndi yace caka ca mawa. Ici ndico cimene anthu ambiri a mu Lusaka sanacidziwe. Lamulo la mu 1948 linakakamiza makhonsolo ndi olemba nchito kupezera Aafrika nyumba za mabanja, ndipo Matero anamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950. Koma nyumba yotere inali kuyendera pamodzi ndi nchito, kotero kuti wocotsedwa nchito anacotsedwanso m'nyumba, ndipo zambiri zinalibe magetsi. Amene sanapeze malo kumeneko anamanga pa mafamu a Azungu ndi pafupi ndi maenje ofukulamo miyala ndi dothi la njerwa, ndipo motero anakula Kanyama, George, Chawama ndi Kalingalinga, malo amene Boma linawayesa osaloledwa ndipo linali kuopseza kuwagwetsa. Mtendere anatsegulidwa mu 1967 kuti anthu apatsidwe mapuloti ndi kudzimangira okha, ndipo ndi mu 1974 pamene lamulo linabvomereza kuti makomboni otere akonzedwe m'malo mogwetsedwa. Mai wa ku George wa mu 1960 amene sanagule sitovu sanali wosadziwa ubwino wace. Anali kugula zinthu zimene akanatha kuzimanga m'citenje ndi kuzisenza pamutu tsiku limene amesenjala afika.

Palinso munthu wina amene zithunzi zonsezi zinamcotsa, ndiye khukhi. Karen Tranberg Hansen, amene anayamba kufufuza za moyo wa mabanja a ku Mtendere mu 1971, anaonetsa m'buku lace la mu 1989 lochedwa Distant Companions kuti m'nthawi ya atsamunda nchito ya m'nyumba za Azungu inali ya amuna, ndipo inali imodzi mwa nchito zolemba anthu ambiri m'dziko lino. Ambiri mwa akhukhi ochuka anali ocokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson. Tsono cithunzi ca m'nyuzipepa ya Azungu cinaonetsa dona akupukusa mazira kapena akutsegula uvuni, pamene dzanja limene linagwiradi cipangizoco tsiku lonse linali la bambo wa ku Kalingalinga. Iyeyo ndiye anadziwa kuti makina operera nyama afuna kumasulidwa ndi kutsukidwa bwanji, kuti uvuni wa nkhuni utentha mbali iti, kuti keke ipsa liti. Madzulo anali kubwerera ku nyumba yace kukadya nsima yophikidwa ndi mkazi wace pa moto wa panja, ndipo mwina ndiye anabweretsa magazini yotayidwa imene ana anadulamo zithunzi. Katswiri weniweni wa zipangizozo anakhala pansi pa cithunzi ca mkazi amene sanazigwire, ndipo m'zithunzi zojambulidwira Aafrika namonso mwamuna sanaonekemo ali pa moto. Anaonekamo atakhala pa tebulo, atamanga tayi, akulandira kapu.

Mwamuna wa tayiyo ndiye anali wowerenga weniweni. Amuna ndiwo anapita ku sukulu koposa akazi, ndiwo anagula nyuzipepa, ndiwo analandira malipiro. Cotero mau a pansi pa cithunzi, ngakhale anali kunena za nchito ya mkazi, anali kugogoda pa mtima wa mwamuna, kumuuza kuti munthu wotsogola aoneka ndi zimene zili m'nyumba mwace. Mau a Cinyanja amene anaikidwapo kawirikawiri anali otembenuzidwa liu ndi liu kucokera ku Cingerezi, ouma, opanda mcere wa mwambi kapena nthabwala imene wogulitsa tomato pa msika aidziwa. Zotsatira zace zinali zakuti mwamuna anagula cimene cinakondweretsa maso, mkazi nalandira cimene sanafunsidwe. Mbale zadothi zamaluwa ndi makapu ace zinalowa m'kabati ya galasi kuti alendo azione, pamene banja linapitirira kudyera m'mbale zacitsulo zotupuka m'mphepete.

Ndipo cithunzi cinaitana munthu ku sitolo imene khomo lace linali lomtsekera. M'masitolo ambiri a Azungu a mu Cairo Road Mwafrika sanali kuloledwa kulowa. Anali kuima panja ndi kugulira pa kazenera ka pambali, osakhudza cinthu, osaciyesa, osasankha. M'mabuchala anali kupatsidwa nyama yokulungidwa kale, ya mafupa ndi mitsempha, imene eni ace anaicha nyama ya anyamata. Makina operera nyama a pa cithunzi akadapera ciani pamenepo? Mu 1954 African National Congress, yotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, inauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula m'mabuchala otere, ndipo mu 1956 kunyanyala kunafalikira ku masitolo ena. Amai a m'makomboni ndiwo anaima pa makomo kubweza anzao. Nkosadabwitsa kuti m'zaka za 1952 ndi 1953, pamene nkhani ya Citaganya inali pakamwa pa munthu aliyense, kunabuka mphekesera yakuti shuga ndi nyama ya m'zitini zogulitsidwa kwa Aafrika zathiridwa mankhwala oipa. Mphekeserayo inali yabodza, koma ionetsa kuti anthu sanali kumeza ciliconse cimene pepala lokongola linawauza. Anali kukonda cithunzi ndi kukaikira mwini cithunzi pa nthawi imodzimodzi.

Wina angatsutse kuti kuweruza kotere ndi kwa munthu wokhuta. Angati: kodi mai wosinja pa mtondo kufikira manja atacita matuza analakwa pokhumba moyo wopepuka? Kodi utsi wa nkhuni zaziwisi ndi mwambo woti nkuusunga? Wotsutsayo ali ndi mfundo, ndipo ndi yolemera. Amai a m'tauni sanakane cinthu catsopano cimene cinawathandizadi. Cigayo citafika anasiya mtondo wa cimanga osayang'ana m'mbuyo, ngakhale kamtondo ka nsinjiro anakasunga. Sefa wa waya anakhala pambali pa licero, poto wacitsulo analanda malo a mphika wadothi cifukwa sasweka pa ulendo, ndipo nsimbi ya makala inalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse ya mwana wa sukulu. Ndiponso kukhoma cithunzi ca khichini loyera m'nyumba ya zidina, m'dziko limene malamulo ace anali kunena kuti Mwafrika ndi mlendo m'tauni, kunali ngati kunena kuti nayenso ayenera zotere. Ana ambiri a m'nyumba zimenezo anaphunzira, nagula sitovu za magetsi, naphikira amai ao. Mlandu wa zithunzizi suli pa kuutsa cilakolako. Uli pakuti zinaika colakwa pa mkazi ndi pa mwamuna wace, ngati kuti cosowa ndi nzeru ya kugula, pamene cosowa cinali malipiro, madzi, magetsi ndi cikalata ca nyumba.

Kuti amalonda akadatha kucita bwino akadayamba ndi kufunsa, cionetsa ndi cinthu cimodzi codabwitsa ca mu Lusaka momwemo, cimene cinali ndi maonekedwe a ciwiya ca m'khichini ngakhale sicinali cophikira. Harry Franklin, mkulu wa za nkhani m'Boma la Northern Rhodesia, anafunafuna kampani imene ingapange wailesi yoti Mwafrika athe kugula, kufikira kampani ya Ever Ready ya ku Britain inabvomera. Wailesiyo inafika mu 1949, itaikidwa m'cibekete cozungulira conga sefuliya yopanda cogwirira, ndipo inachedwa Saucepan Special. Mtengo wace unali £5, batire lace £1 5s. Inapakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, mabowo ace anatsekedwa ndi kaukonde kuti tizirombo tisalowe, ndipo sinafune magetsi a m'nyumba. Ndalamayo inaposa malipiro a mwezi wathunthu a anthu ambiri, komabe inagulidwa zikwi ndi zikwi, ndipo anansi anali kusonkhana pabwalo kumvera Alick Nkhata akuimba pa wailesi ya Lusaka. Opanga ace anayamba aganiza za fumbi, mphemvu, kusowa kwa magetsi ndi thumba la wogula. Zipangizo za m'khichini sizinalandire ulemu wotere. Zinapangidwira dzira ndi tiyi wa ku Ulaya, ndipo wojambula anangodetsa nkhope ya mkazi woima pambali pace.

Pa zithunzi zonse za m'nyengo imeneyo, zoyenera kutamandidwa popanda kukaika ndi zonyozeka koposa, ndizo timapepala ta malangizo topezeka m'bokosi. Pamenepo palibe mkazi womwetulira. Pali dzanja lokha likuthira sipiriti, dzanja likuyatsa, dzanja likupopa, dzanja likutokosa kabowo, ciliconse ndi nambala yace. Mmisiri wa kapepala kotere anakakamizidwa kunena zoona, pakuti akanama nyumba ipsa. Timapepala timeneti sitinakhomedwe pa khoma, ndipo tambiri tinayatsira moto tsiku lomwelo.

Cimene cinapambana m'makomboni onse a Lusaka ndi cipangizo cimene palibe kampani inacijambulitsa pa kalendala, ndico mbaula. Amisiri a m'misika anaikhoma kucokera ku migolo yakale ndi zitsulo zotayidwa, naiboola mabowo m'mbali kuti mpweya ulowe, naimangira waya wonyamulira. Ndi yaifupi, cotero mai abvundula nsima atakhala. Ipirira nyemba ndi mapazi a ng'ombe tsiku lonse. Iocha cimanga ndi mbatata. Makala ace alowa m'nsimbi. Mvula ikayamba inyamulidwa kulowa pa khonde. Ndipo makala, amene a mu Lusaka awacha malasha, agulidwa pang'onopang'ono monga mwa ndalama ya tsikulo. Mbaula nayo ili ndi milandu yace yaikulu. M'miyezi yozizira ya June ndi July mabanja ena afa m'tulo cifukwa coilowetsa m'cipinda cotseka, ndipo mitengo ya ku Chongwe, ku Rufunsa ndi ku Mumbwa yatha kulowa m'matumba obwera mu mzinda pa njinga ndi pa malole. Damu la Kariba linayamba kupereka magetsi mu 1960, la Kafue Gorge kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo patapita zaka zambiri nthambo zinafika ku Chawama, ku George ndi ku Mtendere, sitovu ya mbale ziwiri nilowa m'nyumba zambiri monga cithunzi cinalonjezera. Koma mu 2015, mu 2019, ndipo koposa pa cilala ca 2024, madzi a m'Kariba anatsika, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo ngakhale a ku Kabulonga anatuma ana kukagula mbaula.

Timakadi ta ku America ndi ku Britain tasungidwa bwino, tina m'nyumba ya mabuku ya Bodleian ku Oxford, tina ku Smithsonian mu Washington, ndipo osonkhanitsa amatigula ndi ndalama zambiri. Zithunzi za m'makomboni a Lusaka sizinapeze wozisunga wotere. Utsi unazidetsa, mphemvu zinadya phala la kumbuyo kwace pamodzi ndi pepala, ndipo kalendala yatsopano inakhomedwa pa msomali wa yakale. Wofuna kuziona ayenera kupita ku National Archives mu Lusaka kukatsegula nyuzipepa zakale ndi kuyang'ana m'mphepete mwa masamba, pambali pa nkhani za misonkhano ya ndale. Akatuluka m'menemo angathe kutsata mseu wa Alick Nkhata, umene upita m'mbali mwa Kalingalinga kulinga ku Mtendere, kumene amisiri a zitsulo ndi a matabwa ayala nchito zao m'mphepete mwa mseu. Mai wogula mbaula pa malo otere ainyamula, aitembenuza kuti aone kukhuthala kwa citsulo ca pansi, aikhazika pa dothi ndi kuikankha ndi dzanja kuti aone ngati igwedezeka, ndipo akakhutira ndi pamene afunsa mtengo.